Ntchito zowerenga anthu kuno ku Tete: njira iti ikufikitsani pati?

Mukayang'ana zidziwitso za ntchito zomwe amamata pakhoma la ofesi za boma ku Ulónguè kapena ku Furancungo, ngakhale zomwe zimayenda m'magulu a WhatsApp, dzina loti demógrafo, katswiri wa chiwerengero cha anthu, simulipeza kawirikawiri. Mupeza inquiridor, recenseador, técnico de estatística, gestor de dados, oficial de monitoria e avaliação. Koma onsewa amalima munda umodzi. Amawerenga obadwa, omwalira ndi osamuka, kuti boma lidziwe sukulu imangidwe pati, katemera apite wochuluka bwanji, mjigo ukumbidwe mudzi uti.

Ntchitoyo ilipo chifukwa anthu sakuima. Kalembera wa 2007 anapeza anthu pafupifupi 1.8 miliyoni m'chigawo cha Tete. Wa 2017 anapeza opitirira 2.6 miliyoni. Uku ndi kukula kwa pafupifupi 4 pa 100 aliwonse chaka chilichonse, ndipo chiwerengero chikamakula chotero chimawirikiza kawiri zisanathe zaka 20. Amene akufuna kudyera ntchito imeneyi ali ndi makomo angapo olowera, ndipo safanana m'pang'ono pomwe: lina limapereka ndalama msanga koma n'kutseka msanga, lina limachedwa kutseguka koma mukalowa mwalowa.

Kuyenda khomo ndi khomo

Ambiri amayambira apa, ndipo n'koyenera kutero. INE, bungwe la boma loona za ziwerengero lomwe linakhazikitsidwa mu 1996 ndipo lili ndi nthambi mumzinda wa Tete, ndilo limachititsa kalembera. Chilandirireni ufulu dziko lino lawerengedwa kanayi: 1980, 1997, 2007 ndi 2017, ndipo wotsatira akukonzedwa kuti achitike mu 2027. Amayamba ndi anthu a mapu, omwe amadula dziko m'timadera ting'onoting'ono toti munthu mmodzi atha kumaliza. Kenako amalemba anthu, kuwaphunzitsa masiku angapo, kuwapatsa mayeso, ndipo okhoza bwino amawaika kukhala ma controlador oyang'anira anzawo. Kalembera wa 2017 anachitika kuyambira pa 1 mpaka pa 15 Ogasiti. Masabata awiri basi. Choncho kalembera ndi ganyu, si ntchito. Chomwe mumatulukamo nacho chokhalitsa ndi pepala lotsimikiza kuti munagwirako, ndipo lisungeni ngati BI, chiphaso chanu cha unzika.

Akafukufuku apakati pa makalembera ndiwo amatenga miyezi. IDS, wofufuza za uchembere ndi umoyo, wachitika mu 1997, 2003, 2011 ndi 2022 mpaka 2023. IOF amafufuza za ndalama zomwe mabanja amapeza ndi kugwiritsa ntchito. INSIDA wa 2021 anafufuza za HIV. Mu IDS amayi a zaka 15 mpaka 49 amafunsidwa ndi akazi anzawo, ndiye atsikana omwe anamaliza 12ª classe ali ndi mwayi waukulu kuposa momwe ambiri amaganizira. Malipiro amakhala a mgwirizano wa nthawi yochepa, kuphatikizapo ndalama ya chakudya ndi pogona. Funsani musanasaine ngati amalipira pa tsiku kapena pa fomu, komanso ngati masiku amaphunziro amawerengedwa. Ndalama za ntchito zoterezi zimatha kuchedwa, ndiye musanyamuke opanda kakobiri m'thumba.

Chuma cha mwana wa ku Angónia, Tsangano, Macanga kapena Chifunde pantchitoyi ndi chilankhulo. Mafunso amalembedwa m'Chipwitikizi, koma pakhonde la agogo ku Dómuè amayankhidwa m'Chichewa, ndipo wowatembenuza ndi inu. Mukadziwanso Chinyungwe mutha kutumizidwa ku Moatize, Changara ndi Cahora Bassa. Chisena chimakutsegulirani Mutarara ndi Dôa. Lembani zilankhulozi pa CV poyera, osachita nazo manyazi.

Nayi mbali yomwe imasiyanitsa wodziwa ntchito ndi wongodzaza mafomu. Choyamba ndi zaka. Mukafunsa kuti "Agogo, muli ndi zaka zingati?" yankho likhala 50 kapena 60, chifukwa munthu wosadziwa chaka chake amathawira ku nambala yothera ndi 0 kapena 5. Wodziwa ntchito amayenda ndi kalendala ya zochitika m'mutu: ufulu pa 25 Juni 1975, imfa ya Samora Machel mu Okutobala 1986, chilala cha 1992 ndi mtendere wa pa 4 Okutobala chaka chomwecho, chisankho choyamba cha zipani zambiri cha 1994, ndalama zatsopano za 2006. Amafunsa kuti, "Pothawira ku Malawi muja, mwana wanu woyamba anali akuyamwa kapena anali atayamba kuyenda?" Pa nthawi ya nkhondo anthu opitirira miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ambiri a iwo ochokera kuno, ndiye pali mbadwo wathunthu wobadwira ku Dedza, Ntcheu kapena Mwanza, womwe chaka cha pa chiphaso chake chinalembedwa mongoyerekeza pobwerera. Chiphaso chikatsutsana ndi nkhani ya mayi, musathamangire kukhulupirira pepala.

Chachiwiri ndi banja. Agregado familiar si mbumba, si fuko, si onse okhala pabwalo limodzi. Ndi anthu ogona pakhomo limodzi ndi kudyera mphika umodzi. Kuno kwa chikamwini, bwalo limodzi limatha kukhala ndi mayi wamkulu, ana ake aakazi atatu ndi amuna awo, aliyense ndi nkhokwe yake. Amenewo ndi mabanja anayi. Bambo wamitala amalembedwa kawiri ngati simusamala, kwa mayi wamkulu ndi kwa wamng'ono yemwe. Mnyamata wogona kumphala ndi woweta ng'ombe wogona kukhola amaiwalika.

Chachitatu ndicho chovuta kwenikweni: ana omwalira. Khanda lomwe lamwalira lisanatuluke m'chikuta limaikidwa ndi amayi okha, popanda maliro aakulu, ndipo mayi sangalitchule mukamufunsa ana ake. Ena amaliika pamodzi ndi mtayo. Koma pa chiwerengero, mwana yemwe analira, kupuma kapena kugwedezeka ngakhale kamphindi ndi mwana wobadwa wamoyo yemwe wamwalira, ndipo akasiyidwa, imfa za makanda zimaoneka zochepa kuposa zenizeni. Funso limenelo silifunsidwa pagulu, apongozi ali pomwepo. Mukaona mpata wa zaka zinayi kapena zisanu pakati pa ana awiri, mumabwerera mofatsa: "Pepani mayi, pakati pa awiriwa panalibe pathupi pena?"

Pali chiyeso chomwe aliyense wotopa amakumana nacho. Mtsikana wa zaka 15 mukamulemba 14, kapena mayi wa 49 mukamulemba 50, mafunso aatali aja simufunsanso. Mwana wa zaka zinayi mukamukankhira ku zisanu ndi chimodzi, gawo lonse la umoyo wa ana mwalidumpha. Ena amakhala pansi pa mtengo wa mango n'kudzaza mudzi wonse. Masiku ano tabuleti imasunga malo omwe munaima ndi mphindi zomwe munatha pafunso lililonse, oyang'anira amabwerera kumakomo ena kukafunsanso, ndipo matebulo a sabata ndi sabata amaonetsa gulu lomwe lili ndi atsikana a zaka 14 ochuluka modabwitsa. Oyang'anira akafukufuku ndi ochepa ndipo amadziwana. Dzina likada kamodzi, foni siiliranso.

Kuipa kwa njira imeneyi n'koti ilibe makwerero akeake. Munthu atha kukhala inquiridor zaka khumi, kudikira foni nyengo ndi nyengo. Kuchoka pofunsa mafunso kufika pa supervisor n'kotheka ndi khama lokha. Kupitirira pamenepo kumafuna sukulu.

Boma: pang'onopang'ono koma mokhazikika

Ntchito ya boma imalowedwa kudzera pa concurso público, mpikisano wa mayeso olowera ntchito. Mapepala ake ndi odziwika: kalata yopempha, kope la BI ndi la satifiketi zotsimikizidwa kwa notário, NUIT (nambala ya msonkho), registo criminal (chikalata chosonyeza ngati muli ndi mlandu), chikalata cha dokotala. Ambiri amagwa asanalembe n'komwe mayeso chifukwa registo criminal yatha nthawi kapena kope silinadindidwe. Mukapambana, mumadikiranso visto, chivomerezo cha khoti la Tribunal Administrativo, malipiro asanayambe. Kuyambira 2022 malipiro amatsata TSU, tebulo limodzi la malipiro a antchito a boma, ndiye zomwe mudzalandire mutha kuziona pasadakhale molingana ndi maphunziro anu.

Mipando ya ku nthambi ya INE ndi yochepa ndipo wokhalapo sachoka msanga. Khomo lotakasuka ndi la zaumoyo. Boma lililonse mwa maboma 15 a chigawo chino lili ndi SDSMAS, ofesi yoona zaumoyo, ndipo kumeneko kumafunika munthu wosonkhanitsa malipoti a zipatala n'kuwalowetsa mu SIS-MA, pulogalamu ya pakompyuta yosungira ziwerengero za zaumoyo. Mwezi wa ziwerengero za zaumoyo umatsekedwa pa 20, ndipo masiku otsatira ndi othamangathamanga: kutsata namwino wa chipatala chakutali yemwe sanatumize lipoti, kufananiza lipoti ndi kaundula, kukonza pomwe alemba 71 m'malo mwa 17.

Apa m'pomwe nzeru ya chiwerengero cha anthu imaonekera. Tiyerekeze chipatala cha m'malire chomwe pepala likuti dera lake lili ndi ana 400 osakwana chaka, koma chabaya 520. Ndiye kuti chafika 130 pa 100, zomwe sizingatheke. Kalaliki wamba amangotumiza. Wodziwa amafunsa ngati nambala ya 400 ija, yochokera ku kalembera wakale, yatsalira m'mbuyo, kapena ngati amayi akuchokera dera lina. Chipatala china chikhala pa 60 pa 100, osati chifukwa amayi sakonda katemera, koma chifukwa sikelo yapafupi ili tsidya la msewu, ku Malawi. Aliyense wodziwa Calómuè, Biri-Biri kapena msika wa Lizulu akudziwa kuti malire kumeneko ndi msewu chabe. Munthu wotha kufotokoza zimenezi pamsonkhano wa boma sachedwa kudziwika. Ku nthambi za mapulani, komwe amalemba PESOD, pulani ndi bajeti ya chaka ya bomalo, ndi ku ofesi ya maphunziro komwe amayerekeza ana olowa 1ª classe chaka chamawa, luso lofunika ndi lomweli.

Ubwino wa boma ndi penshoni ndi mtendere wamumtima. Kuipa kwake n'koti mutha kukalamba mukulowetsa manambala osasanthula ngakhale tebulo limodzi, ngati simudzikankha nokha.

Mabungwe ndi makampani

Mabungwe amalipira bwino kuposa boma, ndipo n'chifukwa chake aliyense amathamangira kumeneko. Mpando wake ndi wa monitoria e avaliação: kupanga mafomu pa KoboToolbox kapena ODK, kuyeretsa manambala mu Excel, kulemba lipoti la miyezi itatu iliyonse. Mabungwe a United Nations monga UNFPA, UNICEF, WFP ndi IOM amagwiritsa ntchito anthu otere, nthawi zambiri kudzera m'mabungwe ang'onoang'ono omwe amagwira nawo m'maboma. Chingerezi chimafunika, ndipo pano omwe anaphunzirako ku Malawi amapambana, bola Chipwitikizi chawo cholemba chikhale choyera, poti lipoti lopita ku boma silipita m'Chingerezi. Koma mgwirizano ndi wa chaka chimodzi, ndipo walira mvula walira matope. Kumayambiriro kwa 2025 dziko la United States litadula thandizo la USAID, mapulojekiti ambiri a zaumoyo anaima mwadzidzidzi, ndipo ngakhale pulogalamu yapadziko lonse yomwe imathandiza akafukufuku a IDS inagwedezeka. Wolowa njira iyi azisunga ndalama ngati mlimi wa fodya, yemwe amalandira kamodzi n'kudya chaka chonse.

Pali ntchito ina yomwe ndi ya kuno kwenikweni: kalembera wa anthu osamutsidwa. Mgodi wa malasha wa Vale utayamba ku Moatize, mabanja 1,365 anachotsedwa m'midzi yawo, ambiri a iwo n'kusamutsidwira ku Cateme ndi ku 25 de Setembro m'zaka za 2009 ndi 2010. Ena anapita ku Mwaladzi chifukwa cha mgodi wa Benga. Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji posonyeza kusakondwa, ndipo chaka chomwecho boma linatulutsa Decreto 31/2012, lamulo lotsogolera kusamutsa anthu chifukwa cha ntchito zachuma. Pulojekiti iliyonse yaikulu, monga damu la Mphanda Nkuwa lomwe likukonzedwa pa Zambezi, imafuna makampani a alangizi oti awerenge anthu, nyumba, minda, mitengo ya zipatso ndi manda, tsiku lotsekera kaundula lisanafike.

Ntchito imeneyi imalipira, koma ndi yolemera kuposa zonse, chifukwa cholakwa chanu chili ndi nkhope. Mu IDS mukaiwala munthu mmodzi, nambala ya dziko imasuntha pang'ono chabe. Pano mukaiwala mayi wamasiye wokhala kuseri kwa nyumba ya mwana wake, ndiye kuti alibe nyumba kumalo atsopano. Tsala lomwe lagonekedwa chaka chino ndi munda ndithu. Dimba la m'mbali mwa Revúboè silifanana ndi munda wa kumtunda ngakhale kukula kwake kukhale kumodzi. Woumba njerwa ndi wootcha makala amataya chuma chomwe sichioneka pa fomu ngati simufunsa. Ndipo mudzakhala pakati: kampani ikufuna ntchito ithe, mudzi ukuyesa kuti ndinu wogawa chipukuta misozi. Musalonjeze kanthu, ndipo fomu iliyonse mwini wake asaine ataiwerengeredwa m'chilankhulo chake, nyakwawa ali pompo.

Malo ofufuzira okhazikika

Awa amatsata anthu a dera limodzi zaka zambirimbiri, kulemba pathupi paliponse, kubadwa, imfa ndi kusamuka. Otchuka ali kummwera: CISM, malo ofufuzira zaumoyo a ku Manhiça omwe anayamba mu 1996, ndi ina ku Chókwè. Kumeneko Chichangana ndicho chimafunika kumudzi, ndiye wa ku Tete angalowe ngati wosamala manambala, osati wofunsa mafunso. Pafupi ndi kwathu pali dongosolo lomwe INE ndi INS, bungwe la boma lofufuza zaumoyo, anayambitsa mu 2017 pansi pa dzina la COMSA, lotsata obadwa ndi omwalira m'midzi yosankhidwa m'zigawo zonse, kuphatikizapo kucheza ndi anamfedwa kuti chomwe chinapha munthu chidziwike. Kutsidya ku Malawi kuli kafukufuku wa ku Karonga ndi wina wotsata mabanja ku Mchinji, Balaka ndi Rumphi chiyambire 1998. Chilankhulo chingakuloleni, koma chilolezo chogwirira ntchito kunja ndi nkhani ina. Phindu la malo otere si malipiro. Ndi kukhala pafupi ndi anthu olemba zofufuza, omwe angakulembereni kalata yokapezera sukulu.

Nanga sukulu, iti?

Funso loyamba n'lakuti masamu mumawatha? Demografia, maphunziro a chiwerengero cha anthu, kwenikweni ndi masamu: matebulo a moyo, kuyerekeza chiwerengero cha mtsogolo, njira za William Brass zopezera imfa za ana kuchokera pa mafunso awiri okha, ana omwe mayi anabereka ndi omwe ali moyo. Ku Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo kuli makomo awiri, Estatística ndi Geografia, ndipo pamwamba pake pali mestrado (digiri yachiwiri) ya População e Desenvolvimento. Mukafunsa ife, sankhani Estatística ngati mutu ukulola. Wa Estatística ntchito za anthu zikasowa amalowa kubanki, ku inshuwalansi kapena kukampani ya mafoni. Wa Geografia amapambana pa mapu ndi pomvetsa kusamuka kwa anthu, koma ayenera kuwonjezera yekha QGIS, pulogalamu ya mapu, ndi pulogalamu imodzi yosanthulira manambala, apo ayi atsala ndi choko. INE ilinso ndi sukulu yake, Escola Nacional de Estatística, ya omwe akufuna maphunziro aukatswiri apakati.

Wosakwanitsa kukhala ku Maputo asataye mtima. UniPúnguè ili ndi nthambi ku Tete, UniZambeze imaphunzitsa zaumoyo mumzinda wa Tete ndi zaulimi ku Ulónguè, ndipo ISPT ili ndi za makompyuta. Digiri ya masamu, makompyuta, zaumoyo kapena zachuma ndi maziko okwanira, chifukwa demografia ambiri amaiphunzira pa digiri yachiwiri.

Pa digiri yachiwiriyo, Brazil ndi njira yowongoka kwa wophunzira m'Chipwitikizi. Cedeplar ya ku UFMG ku Belo Horizonte ndi yotchuka pa masamu a chiwerengero cha anthu, Unicamp nayo imaphunzitsa, ndipo boma la Brazil lili ndi thandizo la PEC-PG la ophunzira ochokera m'maiko ngati lathu. Wa Chingerezi chabwino ayang'ane University of Cape Town, komwe amalimbikira njira zogwirira ntchito ndi manambala operewera ngati athuwa, kapena Wits ku Johannesburg, kapena RIPS ku University of Ghana. University of Malawi ku Zomba ndi yapafupi kuposa Maputo kwa munthu wa ku Angónia ndipo imaphunzitsa za chiwerengero cha anthu. Kumbukirani kuti pepala lililonse lakunja limafuna equivalência, chivomerezo choti ndi lofanana ndi la kuno, lisanavomerezedwe pa concurso, ndipo zimenezi zimatenga nthawi. Komanso dziwani kuti wobwera ndi doutoramento (digiri yachitatu) ntchito yake ambiri amaipeza ku Maputo, osati ku Tete, pokhapokha akakhale mphunzitsi wa yunivesite.

Kuyala zonse pamphasa

Amene wangomaliza 12ª ndipo kunyumba kulibe ndalama, ayambe ndi kuyenda khomo ndi khomo, koma ndalama ya ganyu woyamba igule laputopu yakale, osati njinga yamoto. Amene ali ndi digiri ndi banja loti adyetse, alimbane ndi concurso ya zaumoyo kapena ya mapulani, ndipo mabungwe awatenge ngati nyengo ya zokolola, osati ngati mudzi. Mestrado imakoma mutagwirako kale zaka ziwiri kapena zitatu m'midzi. Wophunzira yemwe anaonapo agogo akuyerekeza zaka amamvetsa msanga chifukwa chake matebulo amakonzedwa.

Chomwe chimasuntha munthu kuchoka ku gulu la otolera manambala kupita ku la owasanthula chingaphunziridwe kwaulere. CSPro, R, QGIS ndi KoboToolbox sizigulidwa. Matebulo a kalembera wa 2017 ali pa tsamba la INE. Dziyeseni ndi zinthu zitatu. Jambulani mu Excel chithunzi cha zaka ndi amuna ndi akazi a boma lanu, muone pomwe pali mphako ya amuna omwe anapita ku Joni kapena kumigodi. Kenako pezani tebulo la zaka chimodzichimodzi, muwerengere mlozo wa Whipple, woonetsa ngati zaka zinalembedwa molondola: phatikizani onse a zaka 25, 30, 35 mpaka 60, gawani ndi gawo limodzi mwa magawo asanu la onse a zaka 23 mpaka 62, chulukitsani ndi 100. Mukapeza 100 ndiye kuti zaka zinalembedwa bwino. Kupitirira 175 ndiye kuti zinali zongoyerekeza. Pomaliza tengani lipoti la IDS, phatikizani miyeso isanu ndi iwiri ya kubereka ya magulu a zaka 15 mpaka 49, chulukitsani ndi 5, gawani ndi 1,000, muone ngati mupeza nambala ya ana pa mayi mmodzi m'dziko lonse, 5.9 ya 2011 ndi 4.9 ya 2022 mpaka 2023. Zitatuzi zisindikizeni, muzipite nazo kokafunsidwa mafunso a ntchito pamodzi ndi CV.

Za kalembera wa 2027, ntchito ya mapu ndi yoyeserera imayamba kale chaka chenicheni chisanafike, ndipo zidziwitso zimadutsa ku nthambi ya INE, ku ofesi za boma ndi pa wailesi za m'madera. Nthawi yoperekera mapepala imakhala yaifupi. BI ikhale yosatha nthawi, NUIT ikhale m'manja, satifiketi idindidwe panopa, ndipo akaunti ya kubanki kapena ya M-Pesa ikhale m'dzina lanu lenileni, lolembedwa chimodzimodzi ndi la pa BI, chifukwa chilembo chimodzi chosiyana chimaimitsa malipiro.